Kulemba mudzi wathu pa mapu

Tsegulani mapu pa foni yanuyo, musake mudzi umene munakulira. Ndikunena mudzi weniweniwo, kumene kuli manda a makolo anu, osati boma kapena msika wapafupi. Ngati kwanu ndi ku Namiwawa kapena ku Area 47, mupeza misewu yonse ili m'malo mwake, mwina ndi malo ogulitsira pizza omwe. Koma ambiri a ife tikasaka timangopeza mzere umodzi wa msewu waukulu, m'mbali monsemu muli mbee, ngati kumeneko sikunaphikidwepo nsima. Chonsecho anthu aliko, sukulu iliko, chigayo chikulira kuyambira m'mamawa.

Ine kwathu ndi ku Dowa, mkati ndithu, ulendo wa kabaza kuchokera pa Mponela. Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo kuyambira ndili ku koleji ndakhala ndikugwira ntchito ina yopanda malipiro, yojambula mapu pa intaneti. Mayi anga amati ndimasewera gemu. Anzanga angapo andifunsapo kuti angayambe bwanji. Ena amandifunsa kuti munthu wa digiri, amene akusakabe ntchito yokhazikika, angathere bwanji bandulo pa zinthu zaulere. Mafunso onse awiriwa ndi abwino, ndiye ndati ndiwayankhe pamodzi.

Mapu amene ndikunenawa amatchedwa OpenStreetMap. Anawayambitsa Steve Coast ku Britain mu 2004. Nthawi imeneyo mapu abwino a dziko lawo anali m'manja mwa bungwe la boma la Ordnance Survey, ndipo wofuna kuwagwiritsa ntchito ankayenera kulipira komanso kutsatira malamulo ambirimbiri. Ganizo lake linali loti anthu wamba azijambula okha malo amene akuwadziwa, aliyense kachigawo kake, zonse n'kuziphatikiza kuti wofuna atenge mwaulere. Zili ngati Wikipedia, kungoti m'malo molemba nkhani mumalemba msewu, mtsinje, sukulu kapena mjigo. Mukatsegula akaunti, chimene mwajambula chimalowa m'mapu a dziko lonse nthawi yomweyo, popanda bwana wochivomereza.

Anthu ambiri anaona mphamvu ya zimenezi mu Januwale 2010, chivomerezi chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti. Mapu a mzindawo anali operewera kwambiri. Anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana anakhala pa makompyuta awo, akuyang'ana zithunzi za setilaiti n'kumajambula misewu ndi misasa ya anthu othawa, ndipo m'masiku ochepa magulu opulumutsa anthu anayamba kuyendera mapu amenewo. Bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, limene timangoliti HOT, linakhazikika chaka chomwecho. Mu 2014 HOT inagwirizana ndi Médecins Sans Frontières komanso Red Cross ya ku America ndi ya ku Britain n'kuyambitsa Missing Maps, kuti malo amene ngozi imakonda kugwa azijambulidwa ngoziyo isanafike.

Kuno kwathu sitisowa wotifotokozera. Mu 2014 HOT inagwira ntchito yojambula midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje pokonzekera kusefukira kwa madzi, ndipo mu Januwale 2015 madzi anabweradi, boma n'kulengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Kenaka kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 1,000 m'dziko muno. Madzi akasefukira, wopereka thandizo amafuna kudziwa zinthu zosavuta. Pamalo apa panali nyumba zingati? Mlatho wakokoloka, nanga njira ina yokafikira uko ndi iti? Sukulu kapena tchalitchi cha pamtunda, pamene anthu angathawire, chili pati? Mudzi umene suli pa mapu ukhoza kuiwalika pogawa ufa ndi mabulangete, popanda amene wauchitira dala.

Koma ine chimene chimandigwira mtima kwambiri si ngozi zazikuluzi. Ndi za tsiku ndi tsiku. Msuweni wanga atayamba kudwala matenda a kumudzi usiku wa mvula, amalume anayimbira dalaivala wa galimoto ya hayala amene sanali wa kuderalo. Anamulondolera mmene timalondolerana tonse: mukadutsa chigayo mukhotere kumanzere, mukafika pamtengo wa mkuyu muwoloke kamtsinje, muona tchalitchi cha malata. Koma zigayo zinalipo ziwiri, ndipo kamtsinjeko kanali katadzadza. Dalaivala anazungulira nthawi yaitali, amalume akuthamanga ndi tochi kukamuchingamira. Mayi ndi mwana ali bwino lero. Komabe nthawi imene inatayika ija ndimaikumbukira ndikamajambula kanjira kalikonse.

Ndiye mungayambe bwanji? Ngati muli ndi laputopu, pitani pa openstreetmap.org, tsegulani akaunti, dinani Edit. Mutsegukira pulogalamu yotchedwa iD, yomwe imagwira ntchito mu browser momwemo ndipo ili ndi phunziro lalifupi loyambira. Musalidumphe. Chilichonse pa mapu chimajambulidwa ndi zinthu zitatu: kadontho, mzere, ndi mzere wozungulira malo. Mjigo ndi kadontho, msewu ndi mzere, bwalo la mpira ndi malo ozunguliridwa. Mukajambula mumachipatsa chizindikiro chonena kuti ndi chiyani, chimene amati tag. Nyumba imakhala building=yes, sukulu amenity=school, chigayo craft=grinding_mill. Simukuyenera kuloweza, iD imakupatsani posankha. Mukajambula nyumba ya ngodya zinayi dinani Q kuti ngodya ziwongoke, ikakhala yozungulira dinani O. Nyumba zokhota ngati chigumu chophwanyika ndiye chizindikiro choyamba cha munthu wothamanga.

Ngati muli ndi foni yokha, musadandaule, mwina inuyo ndi amene mukufunika kwambiri. StreetComplete, ya pa Android, imakufunsani timafunso ta malo amene mwaimapo: msewu uwu ndi wa tara kapena wa dothi, sitolo iyi imatsegula nthawi yanji. Every Door ndi yabwino poika masitolo, zipatala ndi mijigo mukuyenda. Organic Maps ndi OsmAnd zimakulolani kutsitsa mapu a Malawi yense pamene mwapeza Wi-Fi, n'kumawagwiritsa ntchito kumudzi kopanda netiweki. MapSwipe ndiye yosavuta kuposa zonse, mumangoyang'ana zithunzi n'kumadina pamene mwaona nyumba, ngakhale muli pa mzere wa ku banki. Palinso HOT Tasking Manager, imene imadula dera m'timabokosi. Mumatenga kabokosi kamodzi, kamatsekedwa kuti wina asakagwire, mukamaliza munthu wozolowera amadzayang'ana ntchito yanu. Masiku a Freddy ambiri a ife tinali pamenepo, magetsi akabwera.

Tsopano nazi zimene phunziro loyambira lija silingakuuzeni.

Choyamba, si denga lililonse lili nyumba. Mukayang'ana mudzi wa ku Dowa kapena Kasungu kuchokera kumwamba muona timadontho tambiri tozungulira ndi tazitali. Ife tikudziwa kuti kozungulira kakang'ono kali pakhomo paja ndi nkhokwe, chachitali cha udzu chili m'mbali mwa munda chija ndi chigafa cha fodya, kakang'ono ka kuseri ndi bafa kapena chimbudzi, ndipo mulu wofiira wa ngodya zinayi ndi uvuni wa njerwa. Munthu amene ali ku Munich kapena ku Manila, wa mtima wabwino ndithu, amazijambula zonse ngati nyumba zogona anthu, mwinanso ndi chulu chomwe. Nthawi yomweyo nyumba yeniyeni ya udzu imene ili pansi pa mtengo wa mango amaiphonya, chifukwa udzu wouma ndi dothi zimafanana mtundu pa chithunzi, pamene malata amawala. Mabungwe amawerenga madenga pofuna kuyerekeza chiwerengero cha anthu. Zikatere mudzi wa alimi a fodya umaoneka waukulu kuposa mmene ulili, mudzi wa anthu osauka opanda malata n'kuoneka waung'ono. Masiku ano makampani ngati Microsoft ndi Google ali ndi makompyuta amene amazindikira okha madenga pa zithunzi. Amathandiza, koma pa midzi imene ine ndayang'anapo, nawonso amakonda malata. Diso la munthu amene anakulira pakhomo pa nkhokwe silinapezebe cholowa m'malo mwake.

Chachiwiri, chithunzi cha setilaiti chili ndi tsiku lake. Chikhoza kukhala cha zaka zingapo zapitazo, ndipo zambiri zimajambulidwa m'chilimwe kumwamba kulibe mitambo. Mu Okutobala mtsinje wouma umaoneka ngati msewu wabwino wa mchenga. Dambo limaoneka ngati bwalo. Wina akajambula pamenepo msewu, pulogalamu yolondolera njira idzatumizako galimoto mu Febuluwale. Choncho yerekezani zithunzi zingapo, za Bing ndi za Esri mwachitsanzo, ndipo dziwani kuti nthawi zina zimasemphana ndi mamita angapo. Musasunthe mudzi wonse umene wina anajambula kale chifukwa choti sukugwirizana ndi chithunzi chimene inu mwatsegula. Mwina chosuntha ndi chithunzicho. Pamene msewu ukumana ndi mtsinje, nenani zoona: pali mlatho, bridge=yes, kapena anthu amangowoloka m'madzi, ford=yes. Kwa ambulansi kusiyana kwa ziwirizi ndi kwakukulu zedi.

Chachitatu, msewu umapatsidwa udindo malinga ndi ntchito yake. Kwa anzathu a ku Ulaya msewu wa dothi ndi wa ku famu basi, ndiye akauona amaulemba highway=track. Koma kwathu msewu wa dothi ukhoza kukhala umene umalumikiza midzi khumi ndi chipatala, umene malole a fodya ndi a feteleza amadutsa. Anthu ojambula mapu a mu Africa anagwirizana kale za zimenezi ndipo analemba tsamba lotchedwa Highway Tag Africa. Msewu wolumikiza midzi ndi highway=unclassified kapena kuposerapo, za dothizo mumazilemba padera, surface=unpaved. Track ndi wopita kumunda, path ndi kanjira ka miyendo ndi njinga. Onetsetsaninso kuti misewu yakhudzanadi pamphambano. Mizere iwiri ikangoyandikana osagwirana, diso limaona mphambano koma kompyuta imaona misewu iwiri yosadziwana.

Chachinayi, musakopere ku Google Maps. Ndikudziwa kuti chiyeso chake n'chachikulu, dzina la sukulu lili pomwepo, kungolitenga. Koma zimene zili pamenepo zili ndi mwini wake, pamene OpenStreetMap imaperekedwa pa chilolezo cha ODbL, chimene chimalola aliyense kutenga bola atchule kumene watenga. Mukalowetsa za eni, mwaika ntchito ya anthu ena onse pa mlandu, ndipo zikadziwika zimafufutidwa pamodzi ndi zimene ena anamangapo. Lembani chimene mwaona ndi maso, chimene chalembedwa pa chikwangwani, kapena chimene mwauzidwa ndi eni dera. Ngati simukutsimikiza, siyani kauthenga pa mapu, amati note, wina wodziwa adzayankha. Safunsa anadya phula.

Nkhani ya mayina ndiye imandisangalatsa kwambiri. Lamulo la OpenStreetMap ndi loti dzina lolembedwa likhale limene likugwiritsidwa ntchito pamalopo. Zikumveka zophweka mpaka mutafika pa siteji imene chikwangwani cha boma chikunena dzina lina, makondakitala akukuwa lina, agogo akutchula lachitatu. Mwayi wake ndi woti malo amodzi akhoza kusunga mayina angapo. Pali name la dzina lodziwika, alt_name la dzina lina, loc_name la dzina la anthu a pamalopo, old_name la dzina lakale, ndi name:ny la dzina la m'Chichewa. Dziko lathu linadutsapo kale m'zimenezi. Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill. Thyolo ndi Mulanje azungu ankalemba Cholo ndi Mlanje, mmene makutu awo anamvera. Ngakhale nyanja yathu, ife timati Lake Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa. Amene wagwira cholembera ndi amene amatchula malo. Kwa nthawi yaitali cholemberacho chinali kwa alendo, ndiye chikafika m'manja mwanu lembani mosamala. Funsani akuluakulu kuti dzina la phiri kapena dambo amalitchula bwanji, ndipo musaiwale h amene amasiyanitsa mawu athu. Ndipo mukamajambula ku Rumphi kapena ku Machinga, kumbukirani kuti dzina la pamalopo ndi la Chitumbuka kapena Chiyao. Musalisinthe kuti limveke Chichewa, kutero n'kubwereza zomwe zija za Cholo.

Poti aliyense akhoza kusintha chilichonse, mikangano siilephera. Ndinajambulapo msewu wa kwathu nditauyenda ndekha pa njinga, foni ikulemba njira ndi GPS, ndipo ndinaika ford=yes pa kamtsinje kaja. Patapita miyezi ndinapeza wina, wa kutali, wausandutsa track, pa mtsinjepo waikapo mlatho. Mlatho umene anthu a kwathu akhala akuupempha kuyambira ndili mwana, iye anaumanga ndi kudina kamodzi. Mtima unandipweteka, eeh. Koma pa OpenStreetMap gulu lililonse la zosintha, limene amati changeset, lili ndi malo okambirana. Ndinamulembera mwaulemu kuti kumeneko ndi kwathu, ndinayendako mwezi wakuti, palibe mlatho, ndipo msewuwo ndi umene umapita ku chipatala. Anayankha tsiku lotsatira. Anati pa chithunzi anaona msewu ukupitirira mbali zonse ziwiri za mtsinje ndiye anaganiza kuti payenera kukhala mlatho. Anakonza yekha, n'kundifunsanso za misewu ina iwiri ya pafupi.

Si onse amayankha choncho. Ena sayankha n'komwe, ena amakulankhulani ngati mwana wa sitandade 1. Langizo langa ndi loti musabwezere posintha mobwerezabwereza, inu kuika, iye kuchotsa, inu kuikanso. Lembani umboni wanu poyera, dikirani masiku angapo, funsani ena a m'gulu la ojambula a kuno kwathu. Zikakanika pali gulu la OpenStreetMap Foundation lotchedwa Data Working Group limene limaweruza milandu yotere. Inunso mukamasunga ntchito yanu lembani ndemanga yomveka. "Ndawonjezera mijigo itatu, ndinayendako ndekha" imathandiza wobwera pambuyo panu kuposa kungolemba kuti "edits". Ndipo mukadzazolowera n'kuyamba kuyang'ana ntchito ya atsopano, kumbukirani kuti munthu amene wajambula nyumba zokhota lero wathera bandulo yake pofuna kuthandiza. Muyambe mwathokoza, kenaka mumuonetse batani la Q. Ambiri amene amasiya amasiya chifukwa cha uthenga woyamba umene analandira.

Pali funso lina limene tsamba lililonse la malangizo silinandiyankhe, ndipo ndinalipeza kumudzi. Nditapita kukalemba mijigo ndinayamba ndakaonekera kwa amfumu, monga mwa mwambo. Ndinawaonetsa mudzi wawo pa foni, kuchokera kumwamba. Anayang'ana nthawi yaitali, akuloza denga lawo, dimba lawo, msewu wa ku sukulu. Kenaka chala chinaima pa kankhalango ka kumanda.

"Nanga apa mulembapo chiyani, mwanawe?"

"Palembedwa kuti ndi manda, gogo. Kapena pasalembedwe kanthu, mmene munganenere inuyo."

"Manda lembani, alendo adziwe kuti sadulapo mitengo. Zinazo si za pa foni."

Amene munakulira m'chigawo chapakati mwamva kale chimene ankanena. Gule Wamkulu ndi wodziwika dziko lonse, UNESCO inamulemekeza mu 2005, koma dambwe lili ndi eni ake, ndipo si malo oti munthu wa ku Canada aziwapeza posaka pa foni. Pa OpenStreetMap anthu amakonda kunena kuti chilichonse chooneka pansi chikhoza kujambulidwa. Ine ndimati kuoneka pakokha sikukwanira. Simba la chinamwali, kachisi wa makolo, nyumba imene amayi othawa nkhanza amabisalako, zonsezi zimaoneka, koma kuziika poyera kukhoza kuvulaza anthu. M'dziko limene abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama, palibe chifukwa chilichonse cholembera pa mapu kuti nyumba iyi mumakhala ndani. Denga jambulani, dzina la mwini nyumba ayi, nambala yake ya foni ayi. Chimene chalowa m'mapu amenewa chimakoperedwa ndi anthu ambirimbiri, ndipo ngakhale mutachifufuta chimatsala m'mbiri ya zosintha. Madzi akatayika saoleka.

Malire a minda ndi a mafumu ndiye ndimawathawa dala. Kwathu milandu ya malo imatha zaka, abale enieni osalankhulana. Mzere umene mwajambula mongoyerekeza wina akhoza kudzausindikiza n'kupita nawo ku bwalo ngati umboni, poti chinthu chikatuluka mu kompyuta anthu amachiopa. Imeneyo ndi ntchito ya a boma oyeza malo pamodzi ndi eni minda.

Tibwerere ku funso la bandulo lija, chifukwa ndi la chilungamo. Makampani akuluakulu ngati Facebook, Apple, Microsoft ndi Amazon amagwiritsa ntchito zimene zili mu OpenStreetMap, ndipo ena mwa iwo ali ndi antchito olipidwa amene amajambula nawo. Mabungwe othandiza anthu amalemba malipoti okongola ndi mapu amene ife tajambula, alangizi awo n'kulandira malipiro a madola. Ine ndimagula ndekha bandulo, ndipo magetsi akazima ndimadikira ngati wina aliyense. Ndinapitapo ku mapathon ina, kumene anthu amasonkhana kujambula limodzi, okonza ake anatijambula zithunzi zambiri titavala malaya awo, koma ya transipoti imene analonjeza sitinaione. Ndiye wina akanena kuti tikudyeredwa masuku pamutu sindimutsutsa msanga.

Komabe sindinasiye, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chimene ndajambula sichikhala cha kampani ina iliyonse. Facebook ikhoza kutenga, inde, koma mlangizi wa zaumoyo wa kwathu akhozanso kutenga, mwana wa sukulu amene akulemba pulojekiti yake akhoza kutenga, ndipo palibe amene angadzatseke chitseko n'kuyamba kutilipiritsa. Chachiwiri, tikapanda kujambula ife, ena adzatijambulabe, ndi zigafa zosanduka nyumba ndi milatho ya m'maloto. Achinyamata a ku Kibera ku Nairobi anazindikira zimenezi mu 2009. Dera lawo, lokhala anthu ochuluka zedi, linkaoneka ngati malo opanda kanthu pa mapu ambiri, ndiye anatenga ma GPS n'kulemba okha mipopi, zimbudzi, sukulu ndi zipatala zawo. Ku Dar es Salaam ophunzira a m'mayunivesite anachita chimodzimodzi kuyambira 2015 pa ntchito ya Ramani Huria, akulemba ngalande ndi madera osefukira madzi. Ndikaganiza za Ndirande, Mtandire, Mgona kapena Chilobwe, ndimaona kuti anthu oyenera kugwira ntchito imeneyi ali momwemo kale, foni ili m'manja.

Izi sizikutanthauza kuti muzivomera chilichonse. Kujambula mudzi wa kwanu Loweruka masana ndi kudzipereka. Koma bungwe limene lili ndi bajeti likakutumani kuyenda m'midzi sabata yathunthu mukusonkhanitsa zimene ilo likufuna, imeneyo ndi ntchito, funsani za malipiro musananyamuke, ndipo zilembedwe. Funsaninso kuti anthu a m'midzimo adzaona chiyani pamapeto. Mapu osindikiza pa pepala lalikulu, opachikidwa ku sukulu kapena kwa amfumu, ndi chinthu chaching'ono chimene bungwe lililonse lingakwanitse. Za luso ndinene mosabisa: kujambula sikulonjeza ntchito. Koma amene wazolowera iD amasamukira ku JOSM, pulogalamu yamphamvu ya pa kompyuta, kenaka ku QGIS, yomwenso ndi yaulere, ndipo maganyu angapo amene ndapezapo anachokera ku luso limeneli. Ngati muli pa koleji, funsani ngati pali gulu la YouthMappers, limene linayamba mu 2015 ndipo lili m'mayunivesite a mayiko ambiri.

Chinthu chomaliza chimene ndikufuna mutenge ndi choti mapu amakalamba. Mjigo umene unkagwira ntchito chaka chatha lero wafa. Gulosale yasanduka tchalitchi, mlatho wapita ndi madzi, msika wasamukira kutsidya kwa msewu. Ngozi ikagwa anthu masauzande amathamangira kujambula madenga, pakatha milungu iwiri onse abalalika, ndipo palibe wobwerera kukaona ngati zimene zinalembedwa zikadali zoona. Munthu mmodzi amene amasamala dera limodzi chaka ndi chaka amaposa gulu limene labwera kamodzi. Ine ndinasankha midzi yozungulira kwathu ndi kachigawo ka Area 25 kamene ndimadutsa popita kokwera minibasi. Ndikapita kumudzi pa Khirisimasi kapena pa maliro, ndimazungulira mijigo, n'kufunsa amayi amene ndawapeza pamenepo kuti ukutulutsa bwanji madzi. Amadziwa zonse, ngakhale mwezi umene unayamba kuvuta.

Ndiye musayambe ndi dziko lonse. Sankhani malo amene mungawayende ndi miyendo, amene mukalakwitsa dzina wina akudzudzulani pamaso. Sabata ino ikani zinthu zisanu zokha zimene mukuzidziwa bwino: sukulu imene munaphunzira, chipatala chapafupi, mjigo, chigayo, ndi pamene msewu umawoloka mtsinje. Mukakakamira penapake ndilembereni m'munsimu, tithandizana. Ndikufunanso kumva kwa inu a ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Nsanje: kwanuko ndi malo ati amene akuluakulu angakuuzeni kuti si a pa foni?